Chaka chimene Salima inapita ku Durban, ife tili m'matope

Sabata ino mpata wagwera ine, ndipo ndabwera ndi nkhani ya mpira. Ndikudziwa ena mwayamba kale kukwinya nkhope, mukuti kodi gulu la zolembalemba lasanduka liti la masapota? Dekhani pang'ono abale. Nkhaniyi ndi ya mbiri, ndipo ikutikhudza ife olemba kuposa mmene mukuganizira.

Chandiyambitsa ndi ichi. Loweruka lina ndinakhala m'kanyumba koonetsera mpira pa Migowi, tikudikira kuti magetsi abwere. Anyamata anali mmenemo amatha kukutchulirani osewera onse a Arsenal ndi Manchester United, ndi a pa benchi omwe, mpaka mitengo imene anagulidwira. Ndiye ine, pofuna kutayitsa nthawi, ndinaponya funso: ndi sukulu iti ya kuno ku Malawi imene inakhala nambala yachitatu mu Africa yense pa mpira wa miyendo mu 2023? Kunali zii. Wina anati Kamuzu Academy, poti paja dzinalo ndi lomveka. Wina anati, "Akulu, musatinamize, zimenezo sizinachitikepo." Mmodzi yekha, amene amagulitsa mazira owiritsa pakhomo, ndiye anasuzumira n'kunena kuti, "Si Salima imeneyo?" Ndinamugula mazira awiri.

Sindikuwadzudzula anyamatawo ayi. Mu Epulo 2023, pamene zimenezi zimachitika, ife kuno ku Phalombe tinalibe mtima wa mpira. Tinali tikukumba m'matope kufunafuna abale athu. N'chifukwa chake ndaganiza zolemba mbiri ya nyengo imeneyo ndi nkhope zake zonse ziwiri, ya ku Salima ndi ya kuno kwathu, isanatithawe m'mutu monga zatithawira zambiri.

Tiyambire kumbuyo pang'ono. Mpira wa miyendo m'dziko muno unalowera pakhomo la sukulu. M'nthawi ya atsamunda, azungu a boma ku Zomba ndi a zamalonda ku Blantyre anali ndi makalabu awoawo, kumene munthu wakuda amalowako ngati wantchito basi. Mwana wa kumudzi anaudziwira mpira ku mishoni, kumene aphunzitsi amakhulupirira kuti thupi likathamanga mutu umagwira bwino masamu. Kuchokera apo zinangokhazikika kuti sukulu, ngakhale yofolera ndi udzu, iyenera kukhala ndi belu la chitsulo cha gudumu la galimoto lopachika pamtengo, mlongoti wa mbendera, ndi bwalo la mpira.

Chiyambi chathu pa mpira wa mayiko chinali chowawa. Mu 1962, dziko lino likadali Nyasaland, Ghana inatikuntha zigoli 12 kwa duu. Bungwe la FAM linakhazikitsidwa mu 1966, patatha zaka ziwiri tilandirireni ufulu. Koma pofika 1978, patangopita zaka 16 chichitikire manyazi a Ghana aja, Malawi inatenga chikho cha East and Central Africa Senior Challenge Cup pakhomo pano, itagonjetsa Zambia 3-2 mu fainolo, mphunzitsi ali Mngelezi Ted Powell. Chaka chotsatira anyamatawo anakachiteteza ku Kenya. Mu 1984 tinafika koyamba ku Africa Cup of Nations ku Ivory Coast. Mu 1987 tinabwera ndi mendulo ya buronzi kuchokera ku All Africa Games ku Nairobi, ndipo mu 1988 chikho cha East and Central chija chinabweranso kumudzi.

Tsono dzifunseni, anthu ngati Kinnah Phiri, Jack Chamangwana, Young Chimodzi, Lawrence Waya ndi Ernest Mtawali dziko limawapeza bwanji, poti nthawi imeneyo ma akademe a mpira tikuwamva lerowa kunalibe? Funsani mkulu aliyense amene anaphunzira m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980. Akuuzani kuti masana a tsiku la masewero sukulu yonse imatsikira ku bwalo, wofuna ndi wosafuna yemwe. Kunali kupikisana kwa makalasi, kwa nyumba zogonera, kwa sukulu ndi sukulu inzake, kukwera mpaka pa boma ndi pa chigawo. Sefa inali yaikulu, ndipo mwana waluso samabisika, ngakhale akhale wa kumphepete kwenikweni.

Zinthu zinasintha mwakachetechete. Mu 1994 boma la a Bakili Muluzi linachotsa fizi ku pulayimale, ndipo chiwerengero cha ana chinadumpha kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni m'chaka chimodzi. Chinali chinthu chabwino kwabasi, ambirife tinaphunzira chifukwa cha chimenecho. Koma paja walira mvula walira matope. Mphunzitsi amene watha tsiku lonse akukuwa pamaso pa ana oposa 100 pansi pa mtengo wa mango, mukuganiza kuti masana angatengenso wenzulo kupita ku bwalo? Mabwalo ena anamangidwapo makalasi, ena anthu anayamba kuwadya m'mphepete ndi makasu chaka ndi chaka mpaka kona inasanduka mzere wa chimanga. Ndiye popeza kugoletsa chigoli sikuwonjezera malikisi pa mayeso a MANEB, makolo nawo anayamba kuona mpira ngati mdani wa makope.

Sikuti zinafera pomwepo. Bungwe la masewero a m'sukulu la MASSA linapitiriza kukoka, chikho cha Coca-Cola chinasunga moto kwa zaka zambiri, ndipo kumpoto timu ya Mzuzu University, Mzuni, inakwera mpaka kusewera mu Super League. Koma mpira wa sukulu unasiya kukhala nkhani ya dziko. Unasanduka nkhani ya mphunzitsi mmodzi wodzipereka pa sukulu iliyonse, uja amagula mpira ndi ndalama za m'thumba mwake n'kumausoka yekha ukaphulika.

Kuti muone kusiyana kwake, tasuzumirani kwa anzathu ku America. Mpira wawo ndi wina, uja wothamanga nawo m'manja atavala zisoti, koma matimu a makoleji kumeneko amadzaza mabwalo oposa athu onse. Bwalo la University of Michigan limalowa anthu oposa 100,000, pamene Bingu National Stadium yathu imalowa pafupifupi 41,000. Pa 9 Januwale 2023, m'nyengo yomweyi tikuikambayi, timu ya University of Georgia inatenga ukatswiri wa makoleji itakuntha TCU 65-7, itapambana masewero ake onse 15 a chaka chimenecho. Sindikuti titengere zawo, ndalama zoterozo tilibe. Chimene chimandipatsa kaduka ndi chimodzi chokha: iwo amalemba. Mdzukulu wa munthu amene anasewera mu 1950 akhoza kupeza dzina la agogo ake, tsiku la masewero, ndi mmene anathera. Ife sukulu ikatenga chikho, chikhocho chimakakhala pamwamba pa kabati mu ofesi ya ahedi mpaka chichite dzimbiri, ndipo ahediwo akasamutsidwa palibenso wodziwa kuti chinabwera liti, anachibweretsa ndani.

Tsopano tifike pa nkhani yeniyeni. Mu Malichi 2021 mpondamatiki wa ku South Africa, a Patrice Motsepe, anasankhidwa kukhala mtsogoleri wa CAF, bungwe loyendetsa mpira mu Africa. Banja lawo ndi limene lili ndi timu ya Mamelodi Sundowns, ndipo kwawoko anali atathandiza kale mpira wa m'sukulu kwa zaka zambiri kudzera mu chikho cha Kay Motsepe, chotchedwa dzina la mayi awo. Mu 2022 CAF inakhazikitsa mpikisano wa African Schools Football Championship, wa anyamata ndi atsikana osapitirira zaka 15, ndipo Motsepe Foundation inaikapo madola 10 miliyoni.

Dongosolo lake linali la masitepe atatu. Poyamba sukulu zipikisane m'dziko mwawo. Opambana akakumane ndi anzawo a m'chigawo chawo, poti CAF inagawa Africa m'zigawo zisanu ndi chimodzi, ife tili mu COSAFA, ya kummwera kuno. Kenako akatswiri a zigawo akakumane pamodzi kulimbirana chikho cha Africa yense. Zinthu ziwiri zinali zachilendo. Choyamba, ndalama za mphoto zimayenera kugwira ntchito yotukula sukulu, osati kugawana m'maenvulopu. Chachiwiri, timu imatchulidwa ndi dzina la sukulu yake. Pa bolodi la zigoli pamalembedwa dzina limene mwana amaliona tsiku lililonse pa geti akamalowa m'mawa.

Kuno kwathu amene anatuluka pamwamba kwa anyamata, n'kukhala akatswiri oimira dziko, anali Salima Secondary School. Imani kaye pamenepo. Si sukulu ya ku Blantyre, kumene kuli Bullets ndi Wanderers. Si ya mu mzinda wa Lilongwe, kumene kuli Silver Strikers. Ndi sukulu ya boma, m'boma la kunyanja, kotentha, kumene ambirife timangokudziwa chifukwa cha Senga Bay, mpunga ndi nsomba. Kwa ife a maboma ang'onoang'ono, amene timazolowera kumva mayina athu pa wailesi pokhapokha kukagwa ngozi kapena njala, chimenecho chokha chinali nkhani.

Kumapeto kwa Okutobala 2022, Malawi inalandira ndime ya COSAFA ku Lilongwe. Salima inakankha mpaka mu fainolo, kumene inakumana ndi Clapham High School ya ku Pretoria. Dzina limeneli musalione ngati la sukulu wamba. Ku Clapham n'kumene amaphunzira anyamata ambiri a mu akademe ya Mamelodi Sundowns, ana amene amaphunzitsidwa mpira ndi makochi olipidwa, amasewera pa kapinga wothiriridwa, jombo akusintha zikangotha. Salima inagonja, n'kukhala yachiwiri, ndi mphoto ya madola 75,000. Kwa atsikana chikho chinapitanso ku South Africa, kwa Edendale Technical High School ya ku Pietermaritzburg. Zikanathera pomwepo bwenzi tikuti anayesetsa, basi. Koma ndime yomaliza ya Africa yense inapatsidwa kwa South Africa, ndipo popeza eni bwalo amalowa ndi khomo lawolawo, chigawo chathu chinakhala ndi malo awiri. Salima inapeza tikiti ya ku Durban.

Pakati pa Lilongwe ndi Durban panali miyezi isanu, ndipo m'miyezi imeneyo dziko lino linaona zakuda. Kolera imene inayambira ku Machinga mu Malichi 2022 inafalikira maboma onse, n'kukhala mliri wa kolera woopsa koposa m'mbiri ya dziko lino. Anthu oposa 1,700 anamwalira. Mu Januwale 2023 sukulu za m'mizinda ya Blantyre ndi Lilongwe zinachedwa kutsegulidwa chifukwa cha matendawa. Tisanapume, kunabwera Freddy.

Namondwe ameneyu anabadwira kutali, kufupi ndi Australia, kumayambiriro kwa Febuluwale. Anawoloka nyanja yonse ya Indian Ocean, anamenya Madagascar ndi Mozambique, n'kubwereranso m'nyanja ngati wapita. Pa 11 Malichi anatulukiranso kumtunda pafupi ndi Quelimane, mvula yake n'kulunjika kuno. A zanyengo a bungwe la WMO anadzatsimikiza pambuyo pake kuti anakhala masiku 36, ndipo palibe namondwe wina wolembedwa m'mabuku amene anakhalitsa chotero.

Ife a ku Phalombe mvula yotere timaidziwa. Wamkulu aliyense kuno amakumbukira Malichi 1991, pamene Napolo anatsika m'phiri la Michesi ndi miyala ikuluikulu ngati nyumba, n'kupha anthu mazanamazana. Miyala ina ikadali m'minda ya anthu mpaka lero, amalima moizungulira. Nthawi imeneyo Phalombe inali idakali mbali ya boma la Mulanje, inadzaima payokha mu 1998. Choncho mvula itayamba kumapeto kwa sabata ija, osakata Lamulungu, osakata Lolemba, akuluakulu anayamba kuyang'ana kuphiri osalankhula kanthu. Ife ana a pambuyo pa 1991 tinawaona nkhope zawo n'kudziwa kuti zavuta.

Zimene zinachitika mukuzidziwa. Ku Chilobwe mu Blantyre, ku Chiradzulu, ku Mulanje, ku Nsanje, ndi kuno kwathu. Pa 13 Malichi Pulezidenti Lazarus Chakwera analengeza kuti maboma a kummwera agwa m'ngozi, kenako analamula masiku 14 olira maliro. Anthu oposa 1,000 anamwalira kapena kusowa osapezekanso, ndipo oposa 600,000 anachoka m'nyumba zawo. Kwa Nkhulambe misewu ndi milatho zinaduka, thandizo limachita kufika pa helikopita.

Nanga anthu onsewo anathawira kuti? Ku sukulu ndi ku tchalitchi, poti m'midzi yathu nyumba zolimba zokwana khamu ndi zimenezo. Maphunziro anaimitsidwa kwa masabata angapo. Pa sukulu ina ya pulayimale pafupi ndi kwathu, makalasi anadzaza amayi ndi ana, abambo akugona pakhonde. Matenti atafika anawakhoma pa bwalo la mpira, chifukwa ndi malo okhawo osalala opanda mitengo. Pa golo la kummawa anamangapo chingwe choyanikapo zovala. Pakati penipeni pa bwalo, paja amayambira mpira, panali mafuwa a mphika waukulu wa phala.

Koma mwana ndi mwana. Sabata isanathe ndinaona tianyamata titatolera mapepala a pulasitiki okutira katundu wa chithandizo, tawakulunga, tawamanga ndi zingwe za neti yakale ya udzudzu, chikulunga chatheka. Amasewera m'kampata ka pakati pa matenti ndi zimbudzi, magolo ali mapatapata. Mmodzi mwa iwo, wamfupi, wamanzere, amawapinda anzake mpaka amayi pa mzere wa phala kumaseka, koyamba chichitikire ngoziyo. Ndinamva kuti kwawo nyumba inapita ndi madzi pamodzi ndi makope ake onse. Msinkhu wake unali womwewo wa anyamata amene masiku omwewo amakonzekera kukwera ndege ya ku Durban.

Ndime yomaliza ya Africa inachitika kuyambira pa 5 mpaka pa 8 Epulo 2023, pa Sugar Ray Xulu Stadium ku Durban. Inali sabata ya Pasaka kwa Akhristu, abale athu Achisilamu ali pa kusala kwa Ramadan. Kunasonkhana akatswiri a kumpoto, kuzambwe, pakati, kuvuma ndi kummwera kwa Africa. Salima inadutsa ndime ya m'magulu n'kufika mu semifainolo. Inagwa pamenepo, koma inadzuka, kusasa fumbi, n'kupambana masewero olimbirana nambala yachitatu. Amene anasewerapo mpira akudziwa kuti masewero amenewa ndi ovuta mwa mtundu wake. Mtima umakhala utasweka kale, chikho wachiona chikudutsa, ndiye akukuuza kuti vala jombo ulowenso. Matimu ambiri a akuluakulu amangolowa ndi thupi lokha. Ana aja analowa ndi mtima womwe.

Chikho cha anyamata chinapita ku Guinea, kwa CS Ben Sekou Sylla, imene inagonjetsa Clapham yomwe ija pa mapenate, pakhomo pawo. Cha atsikana chinapita ku Tanzania, kwa Fountain Gate ya ku Dodoma. Oyamba analandira madola 300,000, achiwiri 200,000, achitatu 150,000. Nthawi imeneyo dola inali itangodutsa pang'ono K1,000, ndiye kuti mphoto ya Salima inali yoposa K150 miliyoni. Mukaphatikiza ndi 75,000 ya ku Lilongwe ija, ana osapitirira zaka 15 anabweretsera sukulu yawo madola 225,000 ndi miyendo yawo. Taganizani, ndi zitukuko zingati za makolo, zija timaumba njerwa ndi kusonkha K500 pakhomo lililonse, zimene zingafike pamenepo?

Ine nkhaniyi ndinaimva mochedwa, pa foni yotchajidwa ndi kasola kobwereka, netiweki ikubwera ndi kuthawa. Ndinauza mkulu wina amene tinali naye pa kampu kuti ana a ku Salima akhala achitatu mu Africa. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anati, "Zikomo kwa iwo. Kodi ufa uja akuti ubwera liti?" Sindinawaone olakwa. Chimwemwe chimafuna malo okhala, ndipo masiku amenewo m'mitima mwathu munali modzaza.

Tsono lero, madzi ataphwa, tinganene chiyani za nyengo imeneyi? Wina anena kuti, a mlembi, mukutamanda nambala yachitatu ngati chikho? Yankho langa ndi lakuti Salima inali katswiri wa Malawi, yachiwiri kummwera kwa Africa, yachitatu mu Africa yense, zonsezi m'nyengo imodzi, pa mpikisano woyamba wa mtundu umenewu. Akuluakulu athu mpaka lero amanyadira buronzi ya ku Nairobi ya 1987, ndipo n'koyenera. Iyi ya ku Durban inabwera patatha zaka 36, ndi ana a sukulu. Komanso pali china. M'zaka zotsatira matimu a mpikisanowu anayamba kudziwika ndi mayina a mayiko: ku Zanzibar mu 2024 chikho cha anyamata chinatengedwa ndi Tanzania, ndipo ku Accra mu 2025 Tanzania inachitenganso. Ndiye kuti pa tsamba loyamba la mbiri ya mpikisanowu, pamene panalembedwa mayina a sukulu, dzina la sukulu ya ku Malawi lilipo, ndipo palibe angalifufute.

Chimene chimandikhudza kwambiri ndi chakuti nyengo imeneyi inatsimikiza zimene timazidziwa kale koma timachita ngati sitikuzidziwa, kuti luso silisankha tauni. Chaka chomwecho cha 2023, Tabitha Chawinga anakhala womwetsa zigoli zambiri mu ligi ya amayi ya ku Italy akusewerera Inter Milan. Mu Okutobala, ma Scorchers anatenga chikho cha COSAFA koyamba, atagonjetsa Zambia 2-1 mu fainolo, Temwa Chawinga ali patsogolo pa zigoli. Mu 2024 Temwa anasankhidwa wosewera wabwino koposa mu ligi ya amayi ya ku America, ali ku Kansas City Current. Atsikana awiriwa kwawo ndi ku Rumphi, anayambira pa fumbi ngati lathuli. Oyandikana nafe a ku Mulanje nawo anaona timu yawo ya FOMO ikusewera mu Super League mu 2024. Nanga ndani angandiuze kuti pakati pa Chiringa, Migowi, Chitekesa ndi Nambazo, m'chigwa chonsechi kuyambira pa Fort Lister mpaka ku nyanja ya Chilwa, mulibe mwana wa mwendo woterowo? Ana amene amapalasa njinga ya matumba atatu a nandolo makilomita 20, mukuti alibe mapapo?

Kusiyana kwa mwana wa ku Durban uja ndi mwana wa pa kampu sikunali m'mwendo. Wina anapeza mphunzitsi womuona, mpikisano womuyesa, ndi galimoto yomufikitsa. Wina bwalo lake linali ndi matenti. Ndipo tisanamizane, ngakhale Freddy asanabwere, Ana ndi Gombe anali atadutsa kale mu 2022, ndipo chaka chilichonse chamvula yoopsa bwalo la sukulu ndilo limayamba kulandira othawa, n'kukhala lomaliza kukonzedwa. Ndi zomveka, moyo uyambe. Koma matenti akachoka pamatsala maenje a zimbudzi, ngalande ndi zikhomo, ndipo pa ndandanda wa zokonza bwalo la mpira silipezekapo. M'mera mpoyamba, amatero akuluakulu. Mwana akadutsa zaka 15 asanasewerepo mpira wa wenzulo ndi malamulo, mpata umenewo subweranso.

Za mabwalo, mipira ndi mayendedwe ndi ntchito ya a boma, a khonsolo, a FAM, a MASSA, makomiti a sukulu ndi mafumu athu, ndipo tiziwakumbutsa mosatopa. Koma pali ntchito ina imene ndi yathu, ife a m'gulu lino, yosafuna bajeti. Kulemba. Timalemba ndakatulo za chikondi sabata ndi sabata, ndipo ndi zabwino, ine ndemwe ndimaziwerenga. Koma ndani walembapo za tsiku limene CDSS ya kwanu inagonjetsa sukulu yogonera konko, anthu n'kunyamula goloboyi pamapewa mpaka pa msika? Ndani anakhalapo pansi ndi mphunzitsi wopuma uja amene anayendetsa masewero zaka 30, n'kumufunsa kuti timu yabwino koposa imene anaiona inali ya chaka chiti? Anthu amenewa akutha, ndipo akupita ndi mabuku awo m'mutu. Kope limodzi la chikuto cholimba pa sukulu iliyonse, lolembamo tsiku, timu imene tasewera nayo, zigoli ndi mayina a ana, lingachite zimene chikho cha dzimbiri pa kabati chalephera.

Mnyamata wamanzere uja ndinadzamuonanso pa msika wa Chiringa, watalika, akukankha njinga ya katundu. Ndinamukumbutsa za chikulunga cha pa kampu, anaseka mwamanyazi. Nditamufunsa ngati akusewerabe, anati, "Lamulungu lokha, akulu, ndikapeza wondibwereka nsapato." Ndinamuuza za Salima ndi Durban. Anaimika njinga, kumvetsera mpaka kumapeto, n'kufunsa funso limodzi: "Ndiye kuti anakwera ndege yeniyeni?" Ndinati eya, yeniyeni.

Ndiye pempho langa sabata ino ndi ili. Aliyense amene sukulu yake inatengapo chikho, kaya cha zoni, kaya cha boma, kaya cha mpira wa miyendo kapena wa manja, atiuze dzina la sukulu, chaka, ndi amene munawagonjetsa. Ngati mwaiwala, imbirani mnzanu wa m'kalasi akukumbutseni. Wa mazira pa Migowi uja asakhale yekha wokumbukira.

Tionana sabata yamawa, Mulungu akalola.